M'mimba ndi Nchipala: Kukhala Bwino ndi M'bale Amene Wayenda Njira Yake

Zimayambira kuseri kwa nyumba ya maliro, kumene amayi akuphika. Tinene kuti ndi ku Ndirande. Nkhuni ndi zaziwisi, utsi ukuwawa m'maso, wina akuduladula kabichi m'beseni, wina akuthira ufa mumphika waukulu. Mayi wa zaka 34 amene wapempha tchuthi kuntchito kwake ku Ginnery Corner wamanga chitenje, wagwira mthiko ndi manja awiri. Azakhali ake akumuyang'ana, kenaka akulankhula mokweza kuti onse amve: "Nanga iwe, ife tidzavina liti? Anzako ana awo ali ku sekondale." Anthu akuseka. Iye akumwetulira, akupitiriza kuvundula nsima. Maliro otsatira adzatumiza chipepeso pa Mpamba, koma mwini wake sadzaoneka, ndipo abale adzati wayamba kunyada.

Mabanja ambiri amataya anthu awo chonchi. Munthu sathamangitsidwa, amangotopa ndi kukhala mutu wa nkhani paliponse pamene abale akumana, ndiye amayamba kudzipatula. Akuluakulu anati m'mimba ndi nchipala, ana a mayi mmodzi satuluka ofanana, ndipo mwambiwu aliyense amaudziwa. Povuta ndi pamene m'bale wanu wakhala pamphasa patsogolo panu, moyo wake utalowera kumene inu simunkafuna. Pamenepo pamafunika kudziwa chofunsa, woyenera kulankhula, ndi mmene mungagwirire nkhani ya ndalama.

Musanatsegule pakamwa, siyanitsani njira yosiyana ndi yanu ndi njira yovulaza. Dzifunseni ngati pali munthu amene akupwetekedwa ndi zimene m'baleyo wasankha. Dzifunseni ngati ndi wamkulu, wokwana zaka 18, ndipo wasankha yekha popanda womukakamiza. Funso lachitatu ndi limene ambiri timalizemba: chikukuwawani ndi mantha akuti adzavutika, kapena ndi manyazi a zimene anthu akutchalitchi ndi oyandikana nawo adzanene? Likakhala la manyazi, vutolo ndi lanu, ndipo si chilungamo kumusenzetsa iye.

Pali zinthu zimene sizilowa m'gulu la "njira yake". Kukwatitsa mtsikana wosakwana zaka 18 ndi kuphwanya lamulo, ndipo Nyumba ya Malamulo inatsekeratu khomo limeneli mu 2017 posintha malamulo oyendetsera dziko. Kumenya mkazi kapena mwamuna kuli ndi lamulo lake la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support yolandira nkhani zotere. Kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma cha masiye. Apa kukhala chete ndi kuthandiza wolakwa. Koma kusakwatiwa, kusabereka, kusintha mpingo, kusiya ntchito ya muofesi n'kuyamba geni, kubwerera kumudzi kukalima, kusunga tsitsi la chirasta, zonsezi ndi za mwini wake. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, mtundu, chilankhulo, ulumali, chuma kapena kobadwira, ndipo chimene boma laletsedwa kuchitira nzika, banja lisachitire mwana wake.

Mafunso ndiwo amalasa kwambiri, makamaka amene yankho lake lili kale m'kati mwa funsolo. "Mudzakwatira liti?" amatanthauza kuti mwachedwa. "Mukadali pa kabaza pomwe paja?" amatanthauza kuti simunapite patsogolo. Funso labwino limasiyira munthu malo oti asankhe chimene akufuna kufotokoza: "Masiku ano zikuyenda bwanji kwanuko?" kapena "Ntchito ija ikukusungani bwanji?" Akayankha mwachidule, ndiye kuti wafika pamalire ake, musakumbe. Nkhani ya thupi, ya ukwati ndi ya ndalama isafunsidwe pamene pali munthu wachitatu, ngakhale wachitatuyo akhale mayi ake omubala.

Pa nkhani ya kusabereka m'pamene mabanja amalakwitsa mopweteka kwambiri, chifukwa chala chimaloza mkazi asanayezedwe n'komwe. Madokotala amayamba kufufuza banja likatha chaka chathunthu likugona limodzi popanda njira yolera koma mayi osaima. Vuto limatha kupezeka mwa mkazi, mwa mwamuna, kapena mwa onse awiri, ndipo kuyeza umuna n'kophweka kuposa zambiri zimene amayeza mwa mkazi. Choncho apongozi amene akufunadi kuthandiza auze mwana wawo wamwamuna payekha kuti apite limodzi ndi mkazi wake kuchipatala. Anene kamodzi, asabwereze mwezi ndi mwezi. Kubweretsa mankhwala azitsamba osapemphedwa, kutengera mpongozi kumapemphero a usiku popanda kumufunsa, kapena kunong'oneza mwamuna kuti akayesere kwina, zonsezi zimaphwasula banja limene likanakhala mwamtendere. Mawu akuti chumba ndi gojo asatuluke pakhomo panu ngakhale mwanthabwala. Ndipo banja likanena kuti laleka kufunafuna, kapena kuti likulera ana a abale ndipo lakhutira, nkhaniyo yathera pomwepo.

Wobwera kuchokera ku Joni chimanjamanja amafunika kumukamba mwakuya, chifukwa Blantyre ndiye khomo limene ambiri amatulukira ndi kulowera. Dzina la Wenela, pamene timakwerera mabasi, linachokera ku bungwe la WNLA limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Ulendowu ndi wakale, ndipo agogo athu anali ndi mawu akuti machona, onena za anthu amene anapita osabwerera. Ena mwa machonawo sanatsekerezedwe ndi mtunda. Anaopa kufika pakhomo opanda njinga, opanda bulangete, opanda chowonetsa. Mantha omwewo alipo lero. Mu 2008 ndi mu 2015, nzika zakunja zitachitidwa chipongwe ku South Africa, boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo ambiri anatsika ndi chikwama chimodzi. Ena amabwera atagwidwa opanda zikalata n'kusungidwa ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Munthu wotere akafika, sabata yoyamba musamufunse za ndalama, za katundu kapena za chimene chinachitika. Mupatseni madzi osamba, chakudya ndi pogona pooneka kuti panakonzedwera iye. Ana auzidwe asanafike kuti asafunse za mphatso. Pali funso limodzi lokha limene silingadikire, ndipo afunse munthu mmodzi amene amagwirizana naye, ali awiri: ngati pali mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku. Ma ARV, mankhwala a TB, a shuga ndi a BP sayenera kudukizidwa, ndipo ulendo wosakonzekera umadukiza. Ngati alipo, apite kuchipatala cha pafupi m'masiku awiri kapena atatu, atatenga mabotolo kapena mapepala alionse amene ali nawo. Kenaka onani za chiphaso cha unzika, chifukwa popanda icho sangalembetse nambala ya foni, ndipo popanda nambala ngakhale ganyu imamudutsa.

Nkhani ya ngongole ibwere pakatha milungu iwiri kapena itatu. Ambiri amapita atakongola katapila kapena atagulitsa munda, ndipo ongongoza amafika pakhomo akangomva kuti wabwera. Khalani naye pansi, lembani pa pepala ngongole iliyonse, mwini wake ndi chiwongoladzanja chake, yambani ndi imene ikukula msanga. Chimene chimalakwika apa n'choti wina amakumbutsa ndalama zimene anasonkha pomuperekeza, kapena kumuyerekeza ndi mwana wa uje amene wamanga nyumba ya malata ku Machinjiri. Zikatero m'baleyo amakongolanso kwina n'kubwerera ku Joni mobisa, nthawi ino osatsanzika.

Za sukulu n'zachidule. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE, choncho kusasankhidwa si umboni wa ulesi. Mwana akati akufuna zowotcherera zitsulo, ukalipentala, zamagetsi kapena zosoka, pitani naye ku Soche Technical College kapena kusukulu ina yovomerezeka ndi TEVETA mukafunse maphunziro alipo, nthawi yake ndi pepala limene adzatuluke nalo. Ngati akukaphunzira kwa mmisiri wa m'tauni, gwirizanani poyera miyezi imene adzakhale, zimene adzaphunzire, ndi tsiku limene adzayambe kulandira kangachepe, chifukwa ambiri amatha zaka akungotumidwa kukagula misomali. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo amabwera kudzajambula, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akuno amene anaphunzirira ntchitoyo pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene naye sanapite kusukulu ya zomangamanga. Mtsikana akatenga mimba ali pasukulu, dziwani kuti kuyambira 1993 boma limalola kuti abwerere akabereka. Kholo lipite kwa ahedi asanasiye, lilembe kalata yosunga malo, ndipo banja ligwirizane msanga amene adzasamale khanda nthawi ya makalasi. Popanda dongosolo la wosamala mwanayo, chilolezo cha boma chimangokhala cha papepala.

Chipembedzo chimayesedwa pa mphika ndi pa kalendala. M'bale akalowa Chisilamu, gulani nyama kwa opha mwachisilamu, amene ku Limbe savuta kupeza, kapena mupatseni mpeni aphe yekha nkhuku. Ngati pakhomo pamaphikidwa nkhumba, patulani poto mmodzi ndi chipande chimodzi zimene sizikhudza nyamayo, ndipo musamunamize kuti ndi mbuzi. Akadzadziwa, sadzadyanso pakhomo panu mpaka kalekale. M'mwezi wa Ramadan musungireni chakudya cha dzuwa litalowa. Akamwalira, Asilamu amaika maliro msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, choncho kambiranani zimenezi iye ali moyo, kuti abale a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu asadzakanganirane mtembo ndi anthu a kumzikiti. Wa Seventh Day amasunga Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa, sadya nkhumba kapena mlamba. Msonkhano wa banja ukaikidwa Loweruka m'mawa nthawi zonse, mwamuchotsa m'banjamo popanda kunena. Lamlungu masana ndi nthawi imene wopemphera Lamlungu, Msilamu ndi wa Sabata angapezeke onse.

A Mboni za Yehova sachita nawo Khirisimasi kapena mapemphero a mipingo ina, koma akhoza kusonkha ufa, kutunga madzi ndi kunyamula odwala. Apatseni mbali imene chikumbumtima chawo chikulola. Dziko lino linaonapo kale kumene kukakamizana kumathera: mpingowu unaletsedwa mu 1967, anthu ake ambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ana a chirasta nawo anakhala zaka akubwezedwa pazipata za sukulu za boma, mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti alandiridwe ndi tsitsi lawo. Agogo amene amatenga lumo mdzukulu akabwera kutchuthi akuchita chinthu chimene ngakhale ahedi saloledwanso kuchita.

Nthawi zina nkhani imafunadi kuti banja likhale pansi. Msonkhano wotere umapambana kapena kulephera usanayambe. Tumani munthu mmodzi amene m'baleyo amamukhulupirira, akamuuze mutu wa nkhani masiku angapo patsogolo, ndipo amufunse amene akufuna kuti adzakhalepo kumbali yake. Kumuitana ngati kuli chakudya cha masana kenaka n'kupeza amalume, azakhali ndi abusa atandandalika pamipando ndi msampha, ndipo munthu wogwidwa mumsampha amangofuna potulukira. Anthu asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ana asakhale pafupi. Lisakhale tsiku la maliro, la ukwati kapena la kumanga chiliza, pamene mitima ili kale m'mwamba. Mwinimbumba ndiye amayenera kutsogolera, koma ngati iyeyo ndiye wakwiya kwambiri, apereke mpando kwa wina. Abusa, shehe kapena ankhoswe abwere pokhapokha mwini nkhani wavomera.

Woyamba kulankhula akhale mwini nkhani, ndipo asadulidwe mawu mpaka atanena kuti wamaliza. Akatha, wotsogolera abwereze zimene wamva: "Mphwanga, ngati ndamva bwino, ukuti ntchito ija unaisiya chifukwa malipiro ankathera pa minibasi ndi lendi, ndipo kaunjika akukupatsa zoposa pamenepo. Ndi choncho?" Kubwereza kumeneku kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma apa m'pamene nthawi zambiri zimadziwika kuti banja limakwiyira chinthu chimene silinachimvetse. Pambuyo pake aliyense anene nkhawa imodzi, ndipo ainene ngati mantha ake: "Ine ndikuopa kuti ukadwala mwezi umodzi, mpamba udzathera kuchipatala." Mawu otere ali ndi yankho, akhoza kubala nzeru ya kulowa banki m'khonde kapena kupatula ndalama ya padera. Mawu akuti "watichititsa manyazi" alibe yankho lililonse. Amayi apatsidwe nthawi yawo mwadala, chifukwa m'misonkhano yambiri amakhala pamphasa chapatali n'kudzalankhula anthu atabalalika, pamene zonena zawo zasanduka miseche.

Zinthu zitatu zimapha msonkhano: kufukula milandu yakale, kuyerekeza ndi m'bale wina, ndi mawu akuti "ndinakulera ine". Wotsogolera adule zimenezi nthawi yomweyo, mwaulemu koma mosazengereza. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira. Potseka, zimveke bwino kuti banja lapereka maganizo koma chiganizo ndi cha mwini wake, ndipo mugwirizane tsiku lodzaonananso, mwina pakatha miyezi itatu. Zimene zakambidwa zisalowe pa gulu la WhatsApp la banja. Pa gulu pali alamu, adzukulu ndi abale a kunja amene sanamve mbali zonse, ndipo uthenga umodzi wotumizidwa kwina sungabwezedwe.

Ndalama ndiye chingwe chimene abale amamangira nacho anzawo mosaonekera. Mukamapereka, nenani poyera ngati ndi mphatso kapena ngongole. Ikakhala ngongole, tchulani tsiku lobweza ndipo lembani, ngakhale ndi pa uthenga wa pafoni. Ikakhala mphatso, yatuluka m'manja mwanu, musadzaitchulenso pa mkangano. Muli ndi ufulu wokana kuika ndalama zanu pa chinthu chimene simukuchikhulupirira, ndipo kukana kotere kukhoza kunenedwa bwino: "Achimwene, pa bizinesi imeneyi ine sindiikapo ndalama, koma fizi ya mwana teremu ino ndilipira." Choipa ndi kulipira lendi ya munthu kenaka n'kuyamba kumusankhira mpingo, abwenzi ndi mkazi. Pa zosonkha za maliro ndi maukwati, musaike mtengo umodzi kwa onse n'kumawerenga mayina a olephera. Wa kabaza akhoza kunyamula anthu ndi katundu, wosoka akhoza kusoka yunifolomu ya azimayi, ndipo zimenezo zilembedwe m'kaundula mofanana ndi ndalama.

Wotuluka kundende ya Chichiri wamaliza chilango chimene bwalo linamupatsa, banja lisamuyambitsire china. Kubisa mafoni iye akangolowa, kapena kumuyang'ana koyamba chinthu chikasowa, kumamubwezera kwa anzake akale amene samufunsa kanthu. Chikhulupiriro chibwerere pang'onopang'ono ndiponso poyera: lero mwamutuma kumsika ndi ndalama yochepa, mwezi wamawa mwamusiyira makiyi. Koma ngati mlandu wake unali wokhudza ana, asasiyidwe yekha ndi ana, ndipo muuzeni chifukwa chake maso ndi maso. Kuteteza mwana ndi udindo, sikutsutsana ndi kulandira m'bale. Chimodzimodzi m'bale amene wakuululirani kuti ali ndi HIV: chinsinsicho ndi chake, lamulo la 2018 limaletsa kumusala, ndipo kachilomboka sikafala podyera mbale imodzi, choncho kumupatulira kapu ndi kumunyoza chabe.

Pali zizindikiro zoti kudzipatula kwafika poopsa. Munthu akasiya kudya ndi kusamba, akayamba kugawa katundu wake, akamanena kuti "posachedwa mupumula za ine", musaseke ndipo musamulalikire. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Akavomera, asakhale yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi zingwe, ndipo mupite naye tsiku lomwelo kuchipatala cha pafupi kapena ku Queens. Amuna ndiwo amabisa kwambiri, makamaka pa nkhani za ngongole ndi za banja.

Tibwerere kuseri kwa nyumba ya maliro kuja. Pa anthu khumi amene anaseka, mwina atatu sanakondwe, koma anakhala chete poopa kuyankha munthu wamkulu. Woima pafupi ali ndi chochita chimene sichinyoza azakhali. Akhoza kutembenuza nkhani pomwepo: "Azakhali, tamuonani mmene wagwirira mthikowo, ndiye watipulumutsa lero. Kodi ndiwo zija zapsa?" Madzulo, anthu atachepa, awapeze azakhaliwo paokha: "Mawu aja anamupweteka mwana wanu. Ndikudziwa kuti mumamufunira zabwino, koma za ukwati musamufunsenso pagulu." Akulu ambiri amamva akauzidwa pambali ndi munthu amene wawagwadira, ndipo amauma mutu akadzudzulidwa pamaso pa ana. M'mawa mwake muimbireni foni mayi uja, osatchula za dzulo, mungomuthokoza chifukwa cha ntchito imene anagwira. Uthenga wa maliro ena ukadzabwera, musadalire gulu la WhatsApp. Muimbireni nokha, mumuuze nthawi imene mukunyamuka, ndipo mukwere naye minibasi imodzi.